Osula Galimoto Zakale ku Britain

Tonsefe timaŵadziŵa osula a m'misika yathu, amene ndi nyundo ndi kachidutswa ka njanji amasandutsa lata kukhala ndowa kapena mbaula. Ku Britain kuli osula a mtundu wina. M'kati mwa sabata ndi aphunzitsi, makalaliki kapena okalamba opuma pa ntchito, koma likafika Loŵeruka amadzitsekera m'garaja namadzutsa galimoto zimene anzawo adazitaya kalekale. Palibe amaŵalipira, ndalama zimangotuluka m'thumba.

Ambiri amayambira pa Morris Minor. Galimotoyi adailinganiza ndi Alec Issigonis, idatuluka mu 1948, ndipo pamene adaleka kuipanga mu 1971 zinali zitapangidwa zoposa 1,600,000. Eni ake adayambitsa bungwe lawo, Morris Minor Owners Club, mu 1976.

Mdani wake wamkulu ndi dzimbiri. M'nyengo yachisanu misewu ya kumeneko amaithira mchere kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha kunsi kumene diso silifika. Tsono Minor ilibe chimango chapadera monga lole. Thupi lake lomwelo ndilo limasenza injini, masipuling'i ndi anthu okwera. Kunsi kukaola, galimoto ingathe kumaŵala kunja koma ili ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe. Waulesi amangomata phala pabowo, napaka utoto, nagulitsa kwa munthu amene maŵa adzanyamulamo ana ake. Ife sitingamutche mmisiri ameneyo.

Mmisiri weniweni amayamba wachotsa thanki ya petulo, kuopa moto. Amadula mbali yonse yoolayo kufikira atapeza chitsulo chamoyo, najambula chigamba chake pa katoni, nadula lata latsopano molingana. Lataro amalisula pa thumba lachikopa lodzaza mchenga, kenaka nkumalikankha uku ndi uku pakati pa mikombero iŵiri yachitsulo ya chipangizo chotchedwa English wheel, mpaka zipsera za nyundo zitafafanizika. Powotcherera sathamanga: amadontheza apa, nalumpha, nadontheza apo, pakuti lata la galimoto nlopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo likatentha kwambiri malo amodzi limakwinyika.

Luso lobisika koposa lili m'injini. Minor ili ndi mapisitoni anayi. Aŵiri akamakwera, aŵiri amatsika, choncho ayenera kulemera mofanana. Wokonza amaŵayeza pa sikelo, natenga yopepukitsitsa kukhala muyeso, napala enawo pang'onopang'ono kufikira atasiyana osaposa galamu imodzi. Ndodo zolumikiza mapisitoni ku crankshaft amaziyeza mutu uliwonse pawokha. Crankshaft ndi flywheel amapita nazo kwa akatswiri okhala ndi makina ozizunguza, amene amaloza mbali yolemera, ndipo pamenepo amaboolapo timaenje tochepetsa chitsulo.

Kodi nkuvutikiranji ndi magalamu? Achinyamata a kusekondale aŵerengetse nafe. Magalamu 10 otsalira pa flywheel, masentimita 10 kuchokera pakati, injini ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi, amakoka ndi mphamvu yonga ya katundu wa makilogalamu 28. Pa liŵiro la 2,500 mphamvuyo ndi makilogalamu 7 okha, pakuti liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, chikokacho chimaŵirikiza kanayi. Crankshaft ya Minor imagona pa mabering'i akuluakulu atatu basi, ndiye kunjenjemera kotere kumaŵadya msanga. Kunena zoona, woyendetsa mofatsa amene injini yake ikali monga idachokera ku fakitale sasoŵa zonsezi. Koma wosonkhanitsa ziŵalo za injini zitatu zakufa kuti apange imodzi sangazizembe.

Pamene ziŵalo za thupi la Minor zidayamba kusoŵa, Charles Ware, amene adatsegula malo okonzera galimotozi ku Bath mu 1976, adatembenukira ku Sri Lanka. Kumeneko, pafupi ndi Galle, mu 1991 kudatsegulidwa kafakitale kumene amisiri ankasula ziŵalozo ndi manja, nkumazitumiza ku England.