Kuyamba Malonda ku Joni: Zoti Banja Lidziwe Lisanagulitse Chilimira

M'midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Chipoka mpaka ku Nkhotakota, n'kovuta kupeza banja lomwe lilibe mwana, mlamu kapena mphwake ku Joni. Nyumba zambiri zamalata zomwe tikuziona m'midzimu zidamangidwa ndi marandi, ndipo kuchokera pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 komanso mu Novembala 2023, mtima wofuna kupita kumeneko wakula kwambiri.

Koma masiku ano nkhani yake yasinthako. Anyamata ambiri sakukambanso zokagwira ntchito kwa bwana ayi, akukamba zokatsegula golosale, shopu yosoka zovala kapena malo ophikira zakudya. Mpamba wake akuupempha kumudzi, ndipo pofuna kuupeza, makolo akugulitsa chilimira, injini ya boti, ng'ombe ngakhale munda umene. Chuma chotere chikapita sichibwerera msanga. N'chifukwa chake taona kuti ndi bwino tikambirane monga banja, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Joni wa lero si wa nthawi ya Theba

Agogo athu ambiri adapita ku migodi kudzera ku Wenela, yomwe pambuyo pake inkatchedwa Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, a Malawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha a Malawi oposa 70, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda lidaimitsa ulendowu. Udayambiranso mu 1977 koma udatheratu mu 1988.

Ntchito ya Theba idali yowawa, koma munthu ankapita ndi pangano lolembedwa. Ulendo unkalipiridwa, pogona padali, ndipo gawo la malipiro ankadzalandirira kumudzi kuno. Wa malonda wa lero alibe zonsezi. Amadutsa yekha pa Mwanza kapena pa Dedza, n'kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo akafika palibe kampani kapena boma lomwe laima kumbuyo kwake. Zikamuyendera phindu ndi lake, zikavuta ngongole ndi yake ndi abale ake.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Munthu wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku 30. Masiku amenewa ndi ochezera ndi kugula katundu, osati ogwira ntchito kapena kutsegula shopu. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, poganiza kuti chidindo cha pachipata chawapatsa ufulu wonse.

Chilolezo cha bizinesi chilipo pansi pa lamulo loona za anthu olowa m'dzikolo la chaka cha 2002, koma sichidakonzedwere anthu a mpamba wochepa. Malamulo omwe adayamba kugwira ntchito mu 2014 amafuna kuti mlendo abwere ndi mpamba wa marandi 5 miliyoni, komanso kuti mwa antchito 10 alionse, 6 akhale nzika za dzikolo kapena anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika. Tonse tikudziwa kuti chilimira ngakhale zitakhala khumi sizingafike pa ndalama imeneyi.

Malamulo omwewo adakhwimitsa chilango cha wopitirira masiku. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, pamene wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Wogwidwa ali m'kati mwa dzikolo amatumizidwa ku Lindela, malo osungirako anthu ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Pa nthawi yomwe iye ali m'menemo, katundu wa m'shopu amakhala wopanda mwini.

Ena amafunsa kuti, nanga bwanji anzathu a ku Somalia ali ndi mashopu paliponse? Yankho lake ndi lakuti ambiri mwa iwo adalowa ngati othawa nkhondo, ndipo mu 2014 bwalo lalikulu la apilo m'dzikolo lidagamula kuti anthu otere ali ndi ufulu wopempha chiphaso cha malonda. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho nawo adapatsidwa zilolezo zapadera. Ife a Malawi sitidalowe m'ndondomeko zimenezi, ndipo kwathu kulibe nkhondo yoti munthu anganene kuti wathawa. Omwe angachite malonda ang'onoang'ono mosabisala ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika, kapena amene ali pa banja lenileni ndi nzika ya kumeneko ndipo adapempha ku Home Affairs kuti chitupa chawo chiwalole kuchita bizinesi. Tikuti banja lenileni, pakuti ukwati wogula pofuna mapepala ndi mlandu, ndiponso ndi chinyengo pamaso pa Mulungu.

Shopu ya m'dzina la wina

Pofuna kuzemba zovutazi, ena amalembetsa shopu m'dzina la mwini nyumba kapena mnzawo wa kumeneko. Zinthu zikamayenda bwino palibe yemwe amaona vuto. Koma tsiku lomwe awiriwa asemphana mawu, mapepala onse amaonetsa kuti shopu, furiji ndi katundu ndi za mwini dzinalo. Mlendo sangapite kupolisi chifukwa iye mwini akuopa kugwidwa, motero amangochoka chimanjamanja.

Chiopsezo chimenechi chidakula mu 2024. Ana angapo atamwalira chifukwa cha zakudya zokhala ndi poizoni, kuphatikizapo ana asanu ndi mmodzi ku Naledi mu Soweto, Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalamula mu Novembala chaka chomwecho kuti mashopu onse ang'onoang'ono a m'makomboni, omwe kumeneko amati spaza, alembetsedwe ku khonsolo. Nthawi yolembetsa idatha pa 28 Febuluwale 2025, ndipo eni dziko adachenjezedwa kuti asalembetsere mashopu alendo opanda mapepala.

Vuto lina ndi la banki. Popanda chitupa chovomerezeka ndi umboni wa komwe munthu akukhala, n'kovuta kutsegula buku la kubanki. Ndalama za malonda zimagona pansi pa matiresi, ndipo akuba amadziwa bwino lomwe kuti mlendo sasunga ndalama kwina.

Kwa eni kulibe mkuwe

Tisaiwalenso zomwe zidachitika. Mu Meyi 2008 zipolowe zodana ndi alendo zidayambira ku Alexandra mumzinda wa Johannesburg ndipo anthu 62 adaphedwa. Mu Epulo 2015 zidabukanso ku Durban, mpaka boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ambiri mwa iwo a ku Mangochi. Mu Seputembala 2019 mashopu a alendo adathyoledwanso ku Johannesburg. Pa nthawi zotere wantchito amathawa ndi chikwama chake, koma wa shopu amasiya chuma chake chonse pa mashelefu.

Sitikunena izi pofuna kudetsa eni dziko, pakuti ambiri mwa iwo ndi anthu abwino omwe adabisa ndi kudyetsa abale athu pa nthawi ya mavuto. Tikungoti wochita malonda kwa eni asaike chuma chake chonse pamalo amodzi, ndipo akhale bwino ndi anthu oyandikana nawo. Kuphunzira Chizulu, Chisutu kapena Chixhosa, kupezeka pamaliro a m'dera, kulemba ntchito mwana wa kumeneko ndi kupewa kugulitsa katundu wotha masiku, ndi zinthu zomwe zimateteza shopu kuposa loko.

Omwe zikuwayendera amayamba bwanji?

Tikayang'ana abale athu omwe akhazikika, timapeza kuti ambiri sadayambe ndi shopu. Adapita ndi luso la m'manja monga utelala, ukalipentala, kumanga, kuwotcherera zitsulo kapena kuphika. Ena adayamba ndi kugwira ntchito m'masitolo a ku Fordsburg ndi Mayfair ku Johannesburg, kapena a pafupi ndi mzikiti waukulu wa Grey Street ku Durban. M'menemo adaphunzira komwe katundu amaodedwa, mitengo yake, miyezi yomwe malonda amayenda ndi yomwe amaima. Makina osokera amodzi adabala achiwiri, ndipo mapepala atakonzeka ndi pomwe adalembetsa bizinesi ku CIPC ndi kuyamba kukhoma msonkho ku SARS.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Swahaba Abdurrahman bin Auf atasamuka ku Makka kupita ku Madina m'chaka cha 622, adafika wopanda kanthu. Saad bin Rabi, yemwe Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adamupatsa kuti akhale m'bale wake, adafuna kumugawira theka la chuma chake. Iye adathokoza n'kupempha kuti angomulozera njira ya kumsika. Adayamba ndi malonda ang'onoang'ono a mafuta a mkaka ndi chambiko chouma, ndipo patapita zaka adakhala mmodzi wa anthu olemera kwambiri mu Madina. Adayamba wadziwa msika, chuma chidabwera pambuyo.

Kwa anzathu a ku Somalia tingaphunzireko chinthu china. Iwo amasonkha ndalama n'kukaoda katundu pamodzi, motero amagula motsika mtengo ndipo amagulitsanso motsika. Ife kawirikawiri aliyense amayenda yekha, kuopa kuti mnzake amuposa. Chikhalirecho tili ndi chipeleganyu chomwe amayi athu amachidziwa bwino, ndipo mutu umodzi susenza denga. Chipeleganyu chimapulumutsanso munthu kwa akatapila, omwe kumeneko amatchedwa mashonisa. Ngongole yawo ndi riba yomwe chipembedzo chathu chimaletsa, ndipo chiwongoladzanja chake chimadya phindu lonse mwezi usanathe.

Lembani, ngakhale ndi pachibale

Mabanja ambiri adana chifukwa cha ndalama zomwe zidaperekedwa pakamwa pokha. Malume akuti idali ngongole, mphwawo akuti idali mphatso, ndipo mlongo yemwe adagulitsa mbuzi zake akuti adalonjezedwa gawo la phindu. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Baqara, imatilamula kulemba ngongole ndi kuikapo mboni.

Tsono mwana asananyamuke, banja likhale pansi pamaso pa shehe kapena mfumu ndipo lilembe zinthu izi: wapereka ndani ndipo wapereka zingati, kodi ndi ngongole, mphatso kapena mgwirizano wogawana phindu, idzabwezedwa liti, nanga malonda akagwa atayapo ndani. Wopitayo nayenso akhale ndi kope la zolowa ndi zotuluka, la omwe ali naye ngongole ndi omwe iye ali nawo ngongole, ndipo mkazi wake kapena m'bale mmodzi wokhulupirika adziwe za kopelo. Imfa siuza, ndipo ana amasiye ambiri ataya chuma cha bambo awo ku Joni chifukwa padalibe wodziwa kuti chili m'manja mwa yani.

Mpamba si malipiro

Mawu otsatirawa akupita kwa ife otsala kumudzi. Kale kalata yochokera ku Joni inkatenga milungu, koma lero foni ili m'manja ndipo ndalama za pa Mukuru zimafika tsiku lomwelo. Kaamba ka ichi, mwana akangotumiza chithunzi ataima m'shopu, mauthenga amayamba kugwa ngati mvula: feteleza, fizi, chinkhoswe, sadaka, zovala za Idi. Iye pochita manyazi amatapa m'kabati ya shopu, ndipo pakutha pa miyezi ingapo mashelefu amayera.

Katundu wa pa shelefu si chuma chodyedwa, ali ngati mbewu yosungira dzinja. Msodzi wanzeru sagulitsa ukonde kuti agule ndiwo. Ndi bwino kugwirizana kuti m'chaka choyamba azitumiza ndalama yodziwika pamwezi, yochokera pa phindu lokha, ndipo pakhale munthu mmodzi wolandira m'malo mwa banja lonse. Ndalama ina yotumizidwayo igule chinthu chobala kumudzi konkuno, kaya ndi mbuzi, chigayo kapena nyumba ya lendi, kuti tsiku lomwe zavuta kwa eni, wobwerayo apeze poyambira. Mkazi ndi ana otsala asaiwalike, chifukwa udindo wa mwamuna pa banja lake suthera pachipata cha Mwanza.

Palinso njira ina yomwe ambiri amainyoza, chonsecho ndi yololedwa. Munthu akhoza kupita ndi masiku ake 30, kuoda katundu ku Johannesburg, kulipira msonkho wa MRA pachipata n'kudzagulitsa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota. Shopu imakhala m'dzina lake, m'dziko lake, ndipo ana amakula akumuona bambo wawo.

Kuyenda pofuna rizki si kulakwa, ndipo ena mwa ana athu apezadi mwayi kunja. Chomwe tikupempha n'chakuti chilimira chisanagulitsidwe, banja lifunse mafunso atatu: kodi wopitayo ali ndi mapepala omulola kuchita malondawo, kodi akuudziwa msika womwe akupitako, nanga ndalamayi itatayika banja lidzadya chiyani? Mayankho akakhala omveka, mupempherereni dua ndipo apite ndi mtendere. Akakhala osamveka, chilimira chibwerere m'madzi ndipo ulendo udikire kaye. Allah atitsogolere ku rizki la halali ndipo awasunge ana athu kulikonse komwe ali.