Masewera owomberana pa kompyuta: kodi muli cabwino m'menemo?

Ambiri a ife tinakula ndi legeni m'thumba. Tikaweruka ku sukulu tinali kulowa m'thengo kukasaka mbalame, ndipo amene anali ndi diso lakuthwa ndi dzanja losanjenjemera ndiye anali kubwera ndi ndiwo. Lero ana athu ndi adzukulu athu akali kulasa, koma alasira pa kompyuta. Makolo ambiri, maka-maka amene anagulitsa cimanga kapena nshawa kuti agulire mwana makina ophunzirira, amadabwa akamva mfuti ikulira m'cipinda. Funso lao ndi lomveka: kodi tinagula buku kapena tinagula nkhondo? Tiyeni tiione bwino nkhaniyi, popeza safunsa anadya phula.

Masewerawa pa Cingelezi amati first-person shooter. Wosewera saona thupi la munthu amene akumuyendetsa, koma aona zonse ndi maso a munthuyo, ndipo patsogolo pamaoneka manja ndi mfuti cabe. Dzanja lamanzere limakhala pa kibodi kuyendetsa miyendo, lamanja pa mausi kutembenuza mutu ndi kulozetsa.

Si zinthu za dzulo ai. Kampani ya id Software ya ku America inatulutsa Wolfenstein 3D mu 1992, Doom mu 1993 ndi Quake mu 1996. Counter-Strike inayamba mu 1999, Call of Duty mu 2003. Tero ena mwa amene anayamba kusewera ali anyamata, lero ali ndi imvi.

Ubwino woyamba uli m'maso. Mu 2003 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Rochester ku America, Shawn Green ndi Daphne Bavelier, anatenga anthu amene sanali kusewera n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linasewera Medal of Honor ola limodzi pa tsiku kwa masiku 10, lina linasewera Tetris, sewero losanja timabokosi. Atawayesa, a gulu lowomberana anapita patsogolo pa kuzindikira zinthu zingapo zooneka mwa kamphindi ndi pa kuona za m'mbali pamene maso ali kutsogolo. Mu 2009 Bavelier ndi anzake anapezanso kuti maola 50 a masewera otere, m'masabata 9, anathandiza maso kusiyanitsa zinthu zosaoneka bwino, monga mmene zimakhalira m'nkhungu kapena m'cisisira. Aliyense amene anayendetsapo njinga kapena ngolo madzulo adziwa kufunika kwa maso otere. Cifukwa cake n'cosavuta kumva: m'sewero mdani atulukira paliponse, ndipo maso ndi ubongo zimazolowera kukhala cheru. Koma tisakuze nkhani. Amene anayesedwa anali anthu ocepa, akulu-akulu, ndipo maso akuthwa sakhozetsa mwana masamu a Giredi 12.

Ubwino waciwiri ndi mgwirizano. Mu Counter-Strike mumakhala magulu awiri, anthu asanu uku, asanu uko. Wina ayang'anira khomo, wina apita patsogolo kukazonda, ndipo onse ayenera kuuzana mwacidule kumene mdani waonekera. Wodzikonda amene athamanga yekha amagwetsa gulu lonse. Mulinso ndalama za m'sewero zimene gulu limapata likatha gawo lililonse, ndipo asanuwo ayenera kupangana ngati agule zida tsopano kapena asunge kuti akagule zabwino m'gawo lotsatira. Amene ali nazo zambiri amagulira mnzake. Alimi a m'makopaletivu, amene amasonkha ndalama za feteleza, aidziwa bwino nzeru imeneyi. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale pa kompyuta.

Ubwino wacitatu ndi wa kompyuta yeni-yeniyo. Pa foni mwana angosisita galasi ndi zala. Pa kompyuta amazolowera kibodi ndi mausi, amaphunzira kuika mapulogalamu, kulumikiza makina awiri ndi nthambo, ndi kufufuza cimene calakwika makina akayamba kucedwa. Izi ndi nzeru zimene zifunika mu ofesi, m'banki ndi pa depoti. Ndiponso masewera ambiri a pa kompyuta amalola wosewera kuwasintha. Opanga Doom analola anthu kumanga zigawo zao-zao, ndipo mu 1997 anaulula poyera malamulo onse oyendetsa sewerolo kuti aliyense aphunzirepo. Counter-Strike nayo inapangidwa ndi ophunzira awiri a pa yunivesite, Minh Le ndi Jess Cliffe, amene anangosintha sewero lina, Half-Life. Kampani ya Valve itaona nchito yao inawalemba nchito mu 2000. Ici ndiye cipatso cimene kholo liyenera kuyembekezera: mwana acoke pa kusewera cabe, afike pa kufunsa kuti cinthuci cinapangidwa bwanji.

Nanga za kukhetsa magazi? Apa ndi pamene akhristu ambiri mtima suwakhala m'malo, pakuti tinaphunzitsidwa kuti moyo wa munthu ndi wopatulika. Nkhawa imeneyi inakula mu 1999, pamene ophunzira awiri pa sukulu ya Columbine ku America anapha anzao 12 ndi mphunzitsi mmodzi tsiku limodzi, ndipo zinadziwika kuti anali kukonda Doom. Kucokera apo akatswiri afufuza kwa zaka zambiri. Mu 2020 bungwe la akatswiri a za maganizo ku America, la American Psychological Association, linanena kuti palibe umboni wokwanira wakuti masewerawa amacititsa munthu ciwawa ceni-ceni, ngakhale kuti angaonjezeko pang'ono ukali monga kukalipa ndi kukankhana. Ku South Korea acinyamata amasewera kwambiri, koma kuphana ndi mfuti n'kosowa. Komabe ife tikuti cimene mwana aona tsiku ndi tsiku cili ndi kanthu. Masewera ambiri otere, kuphatikizapo ambiri a Call of Duty, ali ndi cizindikiro ca 18 kapena cilembo ca M, kutanthauza kuti si a ana ang'ono. Mwana wa Giredi 5 alibe nao gawo.

Coopsa cacikulu ndi nthawi ndi ndalama. Mu 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linavomereza kuti kumwerekera ndi masewera a pa kompyuta ndi matenda. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu alephera kuleka, aika sewero patsogolo pa zonse, ndipo apitiriza ngakhale aona kuti zinthu zikuonongeka, kwa miyezi 12 kapena kuposa. Si onse osewera amene amafika apa, koma kholo lisadikire caka cathunthu. Cenjeraninso ndi timabokosi twa mwayi tumene tuli m'masewera ena monga Counter-Strike 2. Munthu alipira ndalama yeni-yeni kuti atsegule, osadziwa cimene cili m'kati. Kumeneko ndi kubecha, ndipo mwana amene ali ndi nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni yanu angathe kumaliza za mbewu usiku umodzi.

Tsono ticite ciani? Kompyuta ikhale pabalaza, osati kucipinda cogona. Sewero libwere pambuyo pa homuweki, kuthirira dimba ndi kutsekera mbuzi, ndipo nthawi yolekera idziwike asanayambe. Yang'anani cizindikiro ca zaka. Ndipo tsiku lina kokani mpando, mukhale pambali pake, mumufunse kuti akusewera ndi yani, ndi kuti gulu lao laluza cifukwa ciani. Mayankho ake adzakuuzani zambiri za mwana wanu.

Makolo athu sanatilande legeni. Anatiuza cabe kuti tisaloze munthu, tisalase nkhuku ya eni ake, ndi kuti ng'ombe zikalowa m'munda wa anthu ife tili kusaka njiwa, mlandu ndi wathu. Malamulo omwewo akwanira ndi lero.