Kagalu katsopano kazidzithandizira pati?

Kagalu ka miyezi iwiri sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali. Pakangotha maola awiri, pansi panyowa. Mwini wake amayenera kusankha msanga njira imodzi yokaphunzitsira.

Amene ali ndi bwalo savutika kwenikweni. Amanyamula kagaluko kakangodzuka, kakangomaliza kudya kapena kusewera, n'kupita nako pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, tinene kuti pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Fungo la dzulo limakakumbutsa ntchito ya pamalopo. Kakadzithandiza, amakapatsa kachidutswa ka nyama pomwepo, asanabwerere m'nyumba.

Okhala m'nyumba zosanjikizana amayala nyuzipepala pakona. Ine njirayi sindiikonda: kagalu kamazolowera kuti m'nyumba n'mololedwa, ndiye ntchito yophunzitsa imakhala yobwereza.

Palinso kakhola kogonamo. Galu sakonda kuipitsa pogona pake, choncho amadzigwira, bola kakholako kasakule kwambiri ndipo asatsekeredwemo tsiku lonse.

Kukwapula kapena kukanikiza mphuno yake pamkodzo kumangokaphunzitsa kukabisala kuseri kwa sofa. Popukuta pamene kaipitsa, pewani mankhwala okhala ndi amoniya: amanunkha ngati mkodzo, ndipo kagaluko kabwerera pomwepo.