Si tsoka, aise: "update" yomwe yadya bandulo yanu inakonzedwa kalekale

Loweruka madzulo pa Migowi, anyamata adzaza m'kanyumba ka magemu kudikira mpata pa PlayStation. Panja, mnyamata wina wakhala pakhonde la sitolo, maso ali pa foni. Wagula bandulo kuti amenye eFootball ndi mnzake wa ku Chiringa, koma gemu yakana kutseguka mpaka atayamba watsitsa "update". Pomwe imamaliza, bandulo yatha, mpira sanaugunde n'komwe.

Ambiri timati ndi tsoka. Ayi ndithu. Makampani opanga magemu amakhala ndi kalendala, ndipo zomwe mudzatsitse chaka chamawa ena akuzikonza lero.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri. "Patch" ndi chigamba: imakonza zomwe zinalakwika mu gemu, ndipo salipiritsa. DLC ndi zowonjezera, monga nkhani yatsopano, malo atsopano, osewera kapena zovala, ndipo nthawi zambiri mumalipira. Koma kwa ife kuno zonse ziwiri zimafuna ndalama, poti ngakhale yaulereyo imadya bandulo.

Nanga n'chifukwa chiyani DLC imayambika gemu isanatuluke? Gemu yaikulu imatenga zaka kuti ipangidwe, ndipo ogwira ntchito samaliza tsiku limodzi. Olemba nkhani ndi ojambula amamaliza msanga, pomwe ofufuza zolakwika akadali kalikiliki. Kenako gemuyo imapita kwa Sony kapena Microsoft kuti akaiyese ndi kuivomereza. M'malo molipira anthu ongokhala, kampani imawapatsa ntchito ya DLC. Chifukwa china n'chakuti zowonjezera zimagulidwa kwambiri gemu ikadali m'kamwa mwa anthu.

Chitsanzo chabwino ndi The Witcher 3 ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland. Gemuyi inatuluka mu Meyi 2015, koma zowonjezera zake ziwiri zinalengezedwa mu Epulo, isanafike n'komwe pamsika. Hearts of Stone inabwera mu Okutobala 2015, Blood and Wine mu Meyi 2016. Osewera ambiri sanadandaule chifukwa zinali nkhani zatsopano zazitali, zoyenera ndalama yake.

Koma pena makampani amanyanya. Mu 2012, anthu anatulukira kuti osewera 12 a mu Street Fighter X Tekken, omwe Capcom imafuna kudzagulitsa padera, anali kale pa disiki, ongotsekeredwa. Zili ngati kugula nyumba, kenako mwini wake n'kukuuzani kuti kiyi wa chipinda chimodzi mulipire padera. Anthu anakwiya kwabasi.

Kalendala imathanso kusokonekera. Cyberpunk 2077, ya CD Projekt Red yomweyo, inatuluka mu Disembala 2020 ili ndi zolakwika zambiri moti Sony inaichotsa pa sitolo yake ya pa intaneti mpaka Juni 2021. Kampani inatanganidwa ndi zigamba, ndipo Phantom Liberty inadzatuluka mu Seputembala 2023, koma osati pa PS4. Mwini kanyumba ka magemu amene ali ndi makina akale adziwe zimenezi: zowonjezera sizidikira munthu.

Magemu a mpira, omwe timawakonda kuno, amatsata kalendala ya maligi a ku Ulaya. Ligi zimayamba mu Ogasiti, msika wa osewera umatsekedwa, ndiye cha mu Seputembala EA Sports FC, yomwe kale inali FIFA, imatuluka yatsopano. Konami inasiya kugulitsa PES n'kubweretsa eFootball yaulere mu 2021, koma nayo imasintha kwambiri nyengo yomweyo. Apa ziliko bwino, poti ndi nthawi yomwe ku Phalombe anthu akugulitsa nandolo. Vuto ndi Januwale: EA imatulutsa makadi a Team of the Year pomwe kunyumba kukufunika fizi, feteleza ndi ufa. Amene analemba kalendalayi samaganiza za mwezi wa njala.

Ndiye titani? Choyamba, tsekani "auto-update" mu Play Store kuti foni isamatsitse zinthu inu musakudziwa. Musanadine, onani kukula kwa zomwe mukutsitsa, ndipo zikuluzikulu muzidikira wifi kapena bandulo ya usiku. Chachiwiri, musagule "season pass" mwaphuma, chifukwa kumeneko n'kulipira katundu yemwe sanapangidwe. Dikirani ena ayambe aona. Chachitatu, magemu ambiri otchuka amadzatulukanso patapita chaka kapena ziwiri ali ndi zowonjezera zonse pamodzi, pamtengo wotsika. Kwa mwini kanyumba ka magemu, kudikira kumeneku ndi phindu.

Ndipo gemu ikakuuzani kuti "kwatsala maola ochepa, gulani tsopano", musanjenjemere. Mawu amenewo ali pa kalendala yomwe ija, ndipo mwezi wamawa adzabweranso ndi wosewera wina. Ndalama ya nandolo mwaikhetsera thukuta m'munda, tsiku loigwiritsa ntchito muzisankha nokha.