NFT: tiketi ya pa intaneti imene ena agula ndi mamiliyoni

Mlimi wa fodya wa ku Wimbe amadziwa kuti belo silingagulidwe ku okushoni ya ku Chinkhoma lopanda tiketi. Pa kapepalako pamakhala nambala ya mwini belo ndi kulemera kwake, ndipo ndi kamene kamalondolera ndalama kwa mwini wake. Amene wamvetsa zimenezi sangavutike kumvetsa NFT, nkhani imene anthu amandifunsa kawirikawiri pa ntchito yanga ya zamakompyuta.

NFT ndi tiketi ya pa intaneti. Imanena kuti chithunzi chakuti, nyimbo yakuti kapena chikalata chakuti chalembetsedwa kwa uje. Kaundula wake ndiye blockchain, buku losungidwa pa makompyuta zikwizikwi nthawi imodzi, moti palibe kalaliki amene angafufute mzere usiku anzake atagona. Ma NFT ambiri amalembedwa pa blockchain ya Ethereum, imene idayamba mu 2015. Chithunzicho aliyense atha kuchikopera pa foni yake mwaulere. Wogula amagula mzere wa m'kaundula uja, basi.

Mzerewo udapengetsa anthu. Mu Marichi 2021, kampani ya Christie's idagulitsa ntchito ya wojambula Beeple pa madola 69 miliyoni. Mwezi womwewo NFT ya uthenga woyamba wa pa Twitter wa Jack Dorsey, mmodzi mwa oyambitsa Twitter, idapita pa madola 2.9 miliyoni, koma patatha chaka, wogulayo atafuna kuigulitsanso, anthu ankangotchula tindalama tochepa.

Komabe si zonse zili juga. Mu 2022 ku South Africa, kampani ya Momint idagulitsa NFT ya chikalata cha mu 1961 cholamula kuti Nelson Mandela amangidwe. Idapita pa marandi 1.9 miliyoni, ndalama zothandizira malo osungirako mbiri a Liliesleaf, pomwe pepala lenilenilo silidachoke m'manja mwa osunga mbiri. Naye Osinachi wa ku Nigeria, amene amajambula zithunzi zake pa Microsoft Word, adafika mpaka ku Christie's mu 2021. Kwa ine phindu lenileni lagona apa: mmisiri wa kutali apeza ogula popanda vendala pakati.

Pali msampha umene achinyamata a ku Kasungu ayenera kuudziwa. Ku Masitala, dera lomweli la Wimbe, William Kamkwamba adamanga makina oyendera mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, nkhani imene idatuluka m'buku mu 2009 ndi mu filimu mu 2019. Lero munthu wa ku London atha kutola chithunzi cha makinawo pa intaneti, n'kuchilembetsa ngati NFT, n'kuchigulitsa mwini wake osadziwa. Blockchain imasunga mokhulupirika chimene yauzidwa, koma siifufuza ngati wolembetsayo ndi mwini kapena mbala. Zimandipweteka kuti amisiri ambiri aberedwa motere.

Chinanso, NFT imagulidwa kawirikawiri ndi ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto, ndipo mu 2019 Reserve Bank of Malawi idachenjeza kuti ndalama zimenezi si zovomerezeka m'dziko muno. Zikakutherani, palibe ofesi yokadandaulako.

Wojambula kapena woimba aphunzire luso limeneli, lingamutsegulire msika. Koma inu alimi, wina akabwera fodya atagulidwa n'kumati ikani ndalama zanu mu NFT zidzaswana, mukaneni, mukagule feteleza wa chaka chamawa.