Nyumba ya Mitengo ndi Dothi ku Stratford

Ambiri a ife timayesa kuti nyumba yomata ndi dothi siikhalitsa, ndi kuti iyenera amphawi okha. Tamverani tsono za nyumba ina ya m'mudzi wa Stratford-upon-Avon, ku Mangalande, m'mene anabadwira mlembi womveka uja, William Shakespeare, m'caka ca 1564.

Amisiri ake anayamba ndi maziko a miyala, kuti mitengo ingakhudze nthaka ndi kuola. Pamwamba pake anaimika mizati ya mtengo wolimba wa oak, naigwirizanitsa ndi mitanda. Polumikiza anaboola mtengo wina, nalowetsamo nsonga ya unzake, nakhomera cikhomo ca mtengo. M'mipata yotsala analuka timitengo, namatapo dothi, monga ticitira ife pa nsici ndi mbariro.

Atamwalira atate ake a Shakespeare mu 1601, mbali yaikuru ya nyumbayo inasanduka nyumba ya alendo, dzina lake Maidenhead. Mu 1847 anthu anasonkha ndalama, naigula ndi £3,000, ndipo pambuyo pake anaikonzanso.

Nyumbayo iri ciriri kufikira lero. Cosunga nyumba ya dothi ndico maziko ouma, tsindwi losadontha, ndi eni ake osatopa kukonza pong'aluka. Tsalani bwino.