Kodi Mwana Amasiya Liti Kugona Masana?

Nkhani ya tulo ta ana inabutsa mtsutso pamene tinkakambirana za sewero la pa wailesi. Amayi ena anati mwana wokana kugona masana ndi wamwano, ayenera kukakamizidwa. Ena anati mwana wozolowera kugona dzuwa likuswa mtengo amakula ndi ulesi. Enanso anadandaula kuti mwana akasiya kugona masana, mayi sapeza mpata wochapa, wosinja kapena wopumako. Amayi, tiyeni tione bwino nkhaniyi kuti mudziwe zoyenera kuchita ndi mwana wanu.

Chifukwa chiyani ana aang'ono amagona masana?

Munthu akakhala maso, kutopa kumaunjikana m'thupi ndi muubongo pang'onopang'ono monga madzi odzadza mumtsuko. Wamkulu amatha kupirira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwana wamng'ono sangathe, chifukwa mtsuko wake ndi waung'ono ndipo umadzadza msanga. Tulo ta masana ndi tomwe timakhuthula kutopako. Akamakula, ubongo wake umakhwima ndipo amatha kukhala maso nthawi yaitali.

Choncho kugona masana si ulesi ayi. Mwana akagona tulo tofa nato, thupi lake limatulutsa michere yothandiza kukula, ndipo ubongo umasunga mawu ndi zinthu zina zomwe waphunzira tsikulo.

Mwana ayenera kugona maola angati?

M'chaka cha 2019, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linapereka malangizo a maola omwe ana ayenera kugona. Maolawa ndi ophatikiza tulo ta usiku ndi ta masana.

Kuyambira pobadwa mpaka miyezi 3: maola 14 mpaka 17.
Miyezi 4 mpaka 11: maola 12 mpaka 16.
Chaka chimodzi mpaka zaka 2: maola 11 mpaka 14.
Zaka 3 mpaka 4: maola 10 mpaka 13.

Khanda limagona kangapo pa tsiku, osasiyanitsa usana ndi usiku. Likamayandikira chaka, nthawi zambiri limagona kawiri, m'mawa ndi masana. Pofika chaka ndi theka, ana ambiri amagona kamodzi kokha, akatha kudya nsima ya masana.

Nanga amasiya ali ndi zaka zingati?

Ana ambiri amasiya kugona masana pakati pa zaka 3 ndi 5. Ndi ochepa amene amasiya asanakwanitse zaka 2. Pofika zaka 6, pamene mwana akuyamba Sitandade 1, pafupifupi ana onse amakhala atasiya.

Zala za dzanja limodzi sizifanana kutalika. Ngakhale ana a bere limodzi, wina amasiya msanga, wina mochedwa. Musade nkhawa poona kuti mwana wa mnzanu wasiya pamene wanu akugonabe. Dziwaninso kuti mwana sasiya tsiku limodzi. Kwa miyezi ingapo amatha kugona lero, mawa osagona, mkuja n'kugonanso.

Chofunika ndi kuwerenga maola a tsiku lonse. Mwachitsanzo, mwana wa zaka 4 amene amagona 7 koloko madzulo n'kudzuka 6 koloko m'mawa wagona maola 11. Ameneyu wakwanitsa, ngakhale asagone masana. Koma mnzake amene amagona 9 koloko usiku podikira chakudya, n'kudzutsidwa 5 koloko kuti apite kumunda ndi mayi ake, wagona maola 8 okha. Ameneyu akufunikabe kugona masana.

Zizindikiro zoti mwana wakonzeka kusiya

1. Mukamugoneka masana amangosewera kapena kuyankhula yekha osagona, ndipo izi zachitika kwa masabata awiri kapena kuposerapo.
2. Tsiku lomwe sanagone masana amakhalabe wosangalala mpaka madzulo.
3. Akagona masana, usiku amachedwa kwambiri kupeza tulo, kapena amadzuka m'bandakucha.

Zizindikiro zoti mwana akufunikabe kugona masana

1. Chakumadzulo amalira popanda chifukwa, kumenya anzake kapena kudzigwetsa pansi.
2. Amayasamula ndi kutikita m'maso kawirikawiri.
3. Amagona nthawi yomweyo mukangomubereka kapena mukakwera naye minibasi.
4. Amaodzera nsima ya madzulo ili m'manja.

Chizindikiro chachinayichi musachipeputse. Mwana amene amagona ndi njala masiku ambiri chifukwa cha kutopa akhoza kuyamba kutsika sikelo. Mukaona kuti tulo tikumulanda chakudya, mupatseni chake msanga, asadikire akuluakulu.

Mwana wa zaka 2 amakonda kukana chilichonse, kusamba, kuvala ngakhale kugona kumene. Kukana kwa masiku ochepa sikutanthauza kuti wasiya. Pitirizani kumugoneka pa nthawi yake.

Momwe mungamuthandizire

Musamumenye kapena kumuopseza ndi afisi, apolisi kapena jekeseni kuti agone. Mwana wamantha sapeza tulo, ndipo amadzayamba kuopa anamwino kusikelo.

M'malo mokakamiza, khazikitsani nthawi yopuma. Akatha kudya masana, muyalireni mphasa pamthunzi kapena m'nyumba mopita mphepo. Akhale pamenepo kwa theka la ola kapena ola limodzi, akusewera mwakachetechete kapena kumvera nthano. Akagona zili bwino, akapanda kugona wapumabe. Nanunso mumapeza mpata wogwira ntchito zina.

Ngati tulo ta masana tikumuchedwetsa kugona usiku, tifupikitseni. Mudzutseni pakatha ola limodzi, ndipo asagone kupitirira 3 koloko masana.

Akasiyiratu, muyambe kumugoneka msanga madzulo, kuti maola omwe wataya masana awapeze usiku. Nthawi yogona ndi yodzuka ikhale imodzimodzi tsiku lililonse.

Musamupatse tiyi, khofi kapena zakumwa za kola madzulo chifukwa zimathawitsa tulo. Musamusiyirenso foni kapena kanema nthawi yogona ikamayandikira.

Gwirizanani ndi onse amene amalera mwanayo: bambo ake, agogo, azakhali ndi alezi a kusukulu ya mkombaphala. Mwana amasokonezeka ngati wina akumugoneka pamene wina akumuletsa.

Chenjezo: musamupatse mwana mankhwala a chimfine, mankhwala azitsamba kapena mowa pofuna kuti agone. Zimenezi zikhoza kumufooketsa kupuma ndi kumupha.

Usiku uliwonse mwana agone m'masikito, popeza udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku. Khanda losakwana chaka ligonekeni chagada, usana ndi usiku womwe.

Tulo tina ndi matenda

Apa mpofunika kusamala kwambiri. Mwana amene anasiya kugona masana akhoza kugonanso tsiku lina chifukwa cha ulendo, masewera kapena kutentha kwa mu Okutobala. Akadzuka amadya ndi kusewera monga mwa masiku onse. Izi si zoopsa.

Koma thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

1. Akuvuta kudzutsa, kapena akadzuka akungokhala lefu osakuzindikirani.
2. Akulephera kuyamwa kapena kumwa.
3. Akusanza chilichonse.
4. Wakomoka.
5. Akupuma mofulumira kapena mobanika.

Ngati watentha thupi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone m'mene adzukire mawa, chifukwa malungo amakula msanga mwa ana osakwana zaka 5.

Palinso zina zoyenera kufotokozera anamwino kapena alangizi a zaumoyo mwamsanga. Mwana amene amangokhala wotopa, ndipo zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwake mwayera, akhoza kukhala ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mwana woliza mkonono kwambiri usiku uliwonse, kapena amene amaoneka ngati wasiya kupuma ali m'tulo, sagona bwino ndipo amaodzera masana. Ameneyu ayenera kupimidwa kukhosi ndi m'mphuno.

Kumbukirani

Palibe tsiku loikika loti mwana asiye kugona masana. Werengani maola omwe akugona usana ndi usiku, ndipo onani khalidwe lake chakumadzulo. Mwana wogona mokwanira amadzuka wosangalala, amadya bwino ndipo amasewera. Mukakayika, funsani pa tsiku la sikelo.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi ana a m'mudzi mwanu amagona nthawi yanji madzulo? Nanga chimawachedwetsa n'chiyani?
2. Mungasiyanitse bwanji mwana wotopa ndi mwana wodwala?
3. Kodi abambo ndi agogo angathandize bwanji kuti mwana azigona mokwanira?